Funsani Malume: makina oyankha foni aja amamvadi zomwe timanena?

Mwezi uno kaya munachita kupangana kaya, mamesenji ambiri omwe afika kuno ku Zomba akukamba nkhani imodzi, ya makina aja amakuyankha ukayimba foni nkumati ulankhule iwo akumvere. Ndasankhapo angapo, ndipo ena ndawadulako poti enanu mumalemba ngati mukulemba wilo.

FUNSO: Malume, mwana wanga ali ku Joni ndiye anadwala, nkundipempha kuti ndimuyimbireko ku ofesi ina ya konko ndimufunsire za mapepala ake. Ndagula mayunitsi a K5,000, kuyimba, kwayankha mzimayi wa mawu okoma bwino akuti ndinene chomwe ndikufuna. Ine kupereka moni, kuyamba kufotokoza kuchokera tsiku lomwe mwana anayamba kudwala, mayi uja akungoti sanamve ndibwereze. Kubwereza katatu konse mpaka mayunitsi kuthera pompo. Mdzukulu wanga akundiseka akuti sanali munthu ameneyo koma kompyuta. Zoona zimenezi? Nanga kompyuta ili ndi makutu?
Mayi wa ku Chinamwali

YANKHO: Pepani mayi ndi mayunitsi anuwo, K5,000 masiku ano simangotola pansi. Mdzukulu wanuyo wanena zoona, kungoti kusekako ndiye walakwitsa. Mawu okoma aja kawirikawiri amakhala a munthu weniweni amene anamujambula kalekale mu situdiyo, mwina pomwe inu mumapereka moni mwini wake anali kwawo akuchapa. Chomwe chimakumverani kuseri kwa mawuwo ndi kompyuta, ndipo kunena zoona siimamva ngati mmene ine ndi inu timamvera, imangoyerekeza basi.

Zimayenda chonchi. Mukalankhula, foni imasandutsa mawu anu kukhala manambala, imayeza kunjenjemera kwa mawuwo ka 8,000 pa sekondi imodzi. Kompyuta ija imatenga zimenezo nkuziduladula timagawo ting'onoting'ono, pafupifupi 100 pa sekondi, kagawo kalikonse nkumakafanizira ndi mawu a anthu ena masauzande omwe anaiphunzitsira, kuti apa pakumveka ngati "a", apa ngati "m", apa ngati "s". Ikatero imafunsa kuti pa mawu omwe ndikuwadziwa, ndi ati omwe akufanana kwambiri ndi phokoso ili, nkusankha limodzi.

Taganizani kondakitala wa minibasi pa depoti ya Zomba yopita ku Liwonde. Injini ikulira, anyamata oyitanira akukuwa, wina akugulitsa madzi pawindo, inu muli kumbuyo mwangoti "...masi", iye wamva kale kuti mutsika pa Domasi, chifukwa pa msewu umenewo masiteji ake ndi odziwika, Chinamwali, Songani, Domasi, Malosa, choncho. Si kuti ali ndi makutu oposa athu ayi, koma akudziwa mayankho omwe angabwere. Tsono muyambe kumufotokozera mu phokoso lomwelo za matenda a mwana wanu, angokuyang'anani kukamwa. Makina a ku ofesi ija ndi kondakitala ameneyo, amadikira timawu tochepa tomwe anawakonzera, inu munawapatsa nkhani yonse ndi moni womwe. Kuonjezera apo chingerezi chomwe anaphunzira si chathu chino cha ku Malawi, komanso mawu akamadutsa pa foni wamba amadulidwa, pamangodutsa okhawo onjenjemera pakati pa ka 300 ndi ka 3,400 pa sekondi, nchifukwa chake pa foni "s" ndi "f" zimamveka chimodzimodzi ngakhale kwa munthu.

Ulendo wina chitani izi. Moni musiyeni kaye, ndikudziwa kwa ife a Malawi zimamveka mwano koma makina sakwiya. Khalani pamalo pa zii, wailesi muzimitse, musayike pa laudi. Nambala ya mapepala a mwana muilemberetu papepala. Akakufunsani yankhani mawu awiri atatu, osakuwa komanso osakoka mawu, chifukwa anthufe tikaona kuti wina sakumva timayamba kukuwa, pomwe makina kukuwako ndi kumene kumawasokoneza kwambiri. Zikakanika nenani kuti "agent" kapena "operator", apo ayi dinani 0, malo ambiri zimenezo zimakupititsani kwa munthu.

FUNSO: Ine ndinali kalaliki m'boma likulu lidakali konkuno ku Zomba, isanafike 1975. Nthawi yathu ukafuna kuyimba kutali umadzera kwa opareta ku ekisichenji, umuuze dzina la ofesi iye akulumikize, komanso pa tebulo lililonse pamakhala buku la manambala. Opareta aja anali kutidziwa ndi mawu omwe. Ndikumva kuti kunja ntchito imeneyi anaipereka kwa makina. Zinayamba liti zimenezi, ndipo buku lija linathera kuti?
Gogo wopuma ntchito, ku Sadzi

YANKHO: Agogo, funso lanu landisangalatsa chifukwa makina amenewa ndi a msinkhu wanu ndithu, si za ana a dzulo ayi. Oyamba omwe amatchulidwa anapangidwa mu 1952 ku Bell Labs ku America, anawapatsa dzina loti Audrey, ndipo amangodziwa manambala 0 mpaka 9, komanso amamva bwino mawu a munthu amene anawatchunira yekhayo. Onani kuti omwe anayamba ndi a kampani ya mafoni, cholinga chinali choti munthu azitchula nambala pakamwa. Mu 1962 a IBM anaonetsa kawo kotchedwa Shoebox kodziwa mawu 16. Pofika 1976 ku yunivesite ya Carnegie Mellon anapanga Harpy yomwe inafika mawu 1,011, apo ndiye anthu anaomba m'manja ngati zatheka, chonsecho ndi mawu omwe mwana wa ku mkaka amakhala atawadziwa kale.

Pomwe zinakhudza ntchito ya opareta wanu uja ndi mu 1992, pamene kampani ya mafoni ya ku America ya AT&T inayika makina oti azimvera mawu asanu okha, oyimba anene mtundu wa foni yomwe akufuna, monga "collect", kutanthauza kuti alipire ndi wolandira, kapena "operator". Mawu asanu basi, koma poti mafoni anali mamiliyoni, ntchito ya maopareta ambiri inachepa. Ku America nambala yofunsira manambala a anthu ndi mabizinesi ndi 411. Poyamba makina amangokufunsa tauni ndi dzina, nkujambula yankho lako, kudula ma "eee" ndi pomwe unakhala chete, nkumuseweretsa opareta, iye nkusaka nambala osalankhula nawe nkomwe. Kenaka makina anayamba kusaka okha mayina omwe amafunsidwa pafupipafupi, ovuta okha nkumapita kwa munthu.

Nkhani yomwe ine imandiseketsa ndi ya Google. Mu 2007 anatsegula nambala yaulere yotchedwa GOOG-411, umayimba, kutchula tauni ndi bizinesi yomwe ukufuna, makina nkukulumikiza, osalipira olo tambala. Mu 2010 anaitseka. Eni ake sanabise, cholinga chachikulu chinali kutolera mawu a anthu osiyanasiyana, azibambo, azimayi, a malankhulidwe a uku ndi uku, kuti aphunzitsire makompyuta awo, ndipo mawu amenewo anathandiza kupanga zija timayankhula ndi foni za masiku anozi. Zaulere zimenezo, anthu amalipira ndi pakamwa pawo.

Za buku lija, linafa ndi foni za m'manja agogo. Foni ya pa tebulo inali ya nyumba kapena ya ofesi, imakhala zaka ndi zaka nambala yomweyo, ya kuno ku Zomba ukangoona 01 52 umadziwa kuti ndi kwathu. Mu 2000 positi ndi mafoni anazilekanitsa, mafoni apansi nkupita ku MTL, koma apo nkuti foni za m'manja zitayamba kale kulowa. Lero munthu mmodzi ali ndi 088 ndi 099, mawa wataya simu wagula ina, ndani angasindikize buku la zimenezo. Komanso tangoganizani makina a ku Malawi kuno munthu awauze kuti ndikufuna nambala ya a Phiri a ku Matawale, a Phiri ake ati? Opareta wanu uja akanafunsa kuti a Phiri aatali aja kapena a ku tchalitchi, makina alibe nzeru imeneyo.

FUNSO: Malume, ndili ku Chirunga chaka chachitatu, ndimakhala ku Chikanda. Foni yanga ndikailankhula chingerezi imalemba ndithu olo imaphonya mwina ndi mwina, koma ndikangoti Chichewa imalemba zamisala. Mnzanga wina akuti Chichewa nchovuta kwambiri kompyuta singachithe. Ine zikundikayikitsa, inu mukuti bwa?
Mtsikana wa ku Chikanda

YANKHO: Mphwanga, mnzakoyo umuuze kuti akunama, ndipo bodza limeneli limandipweteka chifukwa timalinena tokha eni chilankhulo. Chitchaina chili ndi kakwezedwe ka mawu kovuta kuposa kathu koma makina amachimva bwinobwino. Nkhani ndi yoti makina amamva chilankhulo chomwe anachimvapo kwa maola ambiri, mawu ojambulidwa pamodzi ndi zolemba zake zosonyeza kuti apa munthuyu akunena chakuti. Pulogalamu ina yotchuka yotchedwa Whisper, yomwe a OpenAI anatulutsa mu 2022, anaiphunzitsa ndi maola 680,000 a mawu, ambiri mwa iwo achingerezi. Pa mndandanda wa zilankhulo zake Chiswahili chilipo, Chishona chilipo, Chichewa mulibe. Mwana amene wakulira ku London sungamuimbe mlandu kuti bwanji sakumva Chiyao.

Si kuti palibiretu chomwe chachitika. Google Translate inayika Chichewa mu 2014, koma kumeneko kunali kumasulira zolemba, kumva mawu ndi ntchito ina. Mu 2023 a Meta, eni ake Facebook, anatulutsa makina omva zilankhulo zoposa 1,100, ndipo mawu ambiri anawatenga kwa anthu owerenga Chipangano Chatsopano, pafupifupi maola 32 pa chilankhulo chilichonse. Fanizira wekha 32 ndi 680,000. Komanso Chichewa cha pa guwa, chowerenga modekha m'chipinda cha zii, si chomwe amalankhula mayi wa tomato mu msika wa Zomba akamayimba foni minibasi ikuliza hutala pambali pake.

Tsono zovuta zenizeni za chilankhulo chathu zilipo ndithu, sindikubisa. Choyamba kakwezedwe ka mawu, mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa shuga mu golosale timalemba chimodzimodzi koma pakamwa timasiyanitsa, khungu la pathupi ndi khungu losaona chimodzimodzinso. Chachiwiri kampweya kaja ka "h", kuponya ndi kuphonya, pala ndi phala, pa foni ya netiweki yoduladula kampweya kameneka kamasowa. Chachitatu timamanga chiganizo chonse mu liwu limodzi, "sindidzakuyimbiraninso" ndi liwu limodzi limenelo, ndiye makina ongoloweza mawu athunthu sangakwanitse, afunika odziwa kuphwanya liwu mzidutswa. L ndi r timangozisinthanitsa mmene tafunira, wina alemba "lero" wina "lelo", wina "ndiri" wina "ndili", ndiye ophunzitsa makina ayambe agwirizana kalembedwe.

Koma chachikulu kwa ine ndi kusakaniza. Palibe munthu kuno amatchula nambala ya foni mu Chichewa, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, ungagone pomwepo. Timati ziro eyiti eyiti, dabo sikisi, tiripo naini, chingerezi chovala chitenje. Makina a chingerezi sachizindikira, makina a Chichewa cha m'buku sachizindikiranso. Kuonjeza apo kuno ku Zomba wochokera ku Malosa Chichewa chake chimakoka ku Chiyao, wa ku Mayaka chimakoka ku Chilomwe, msodzi wa ku Kachulu ali ndi kalankhulidwe kakenso, onsewo makina ayenera kuwamvapo. Ine ndinayesapo kuuza foni yanga kuti Mpondabwino, inandilembera mawu atatu achingerezi okamba za dziwe, ndinangoizimitsa.

Ndiye iwe uli pa sukulu pomwe pali a kompyuta komanso Centre for Language Studies, yomwe inakhazikitsidwa mu 1996 ndipo ndi yomwe inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ili mu tauni momwemuno. Ntchito yomwe ikusoweka si ya nzeru za kumwamba ayi, ndi yotopetsa chabe, kujambula anthu atavomera okha, kukhala pansi ndi mahedifoni nkumalemba liwu ndi liwu, ola limodzi la mawu limatha kukudyera tsiku lathunthu. Ukamasaka mutu wa pulojekiti ya chaka chomaliza uganizireko pamenepo.

FUNSO: Kuno kwathu timayimba 321 kumvera za ulimi ndi zanyengo, imalankhula Chichewa bwinobwino. Si makina omwewo amenewa? Nanga bwanji mukuti samva Chichewa?
Mlimi wa ku Jali

YANKHO: Achimwene, kulankhula ndi kumva ndi zinthu ziwiri. 321 ija, yomwe inafika ku Malawi mu 2014 pa netiweki ya Airtel, imakuseweretsani mauthenga omwe anthu anajambula kale, inu mumayankha ndi chala, dinani 1, dinani 2. Batani lililonse limatulutsa kaphokoso kakekake kopangidwa ndi malizidwe awiri osakaniza, luso lomwe linayamba mu 1963, ndipo makina saphonya kaphokoso kameneko kaya ndinu Mlomwe kaya Mtumbuka kaya muli ndi chimfine. Nchifukwa chake kwathu kuno ambiri anasankha mabatani, ndi otchipa komanso amagwira pa kafoni kalikonse.

Vuto la mabatani mukulidziwa nokha. Pofika pa "dinani 7" mwaiwala kale kuti 2 inali chani, muyambirenso. Mayi anga ine maso anachita mdima, manambala pa foni sawaona, ndiye amachita kudikira mdzukulu aweruke ku sukulu kuti awadinire. Munthu ngati ameneyo atangonena kuti chimanga changa chagwidwa ndi mbozi, makina nkumupititsa pa uthenga wa mbozi, zingamuthandize kwambiri, ndipo apa ndi pomwe ine ndimaona phindu lenileni la makina omva mawu, kuposa kwa a m'tauni omwe amangochita ulesi kulemba.

Koma pali manambala ena omwe ine sindingafune kuti makina alowerere. Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, mphamvu yake ndi yoti umalankhula ndi wachipatala weniweni amene amakufunsa mafunso. Nambala ya 116 yothandiza ana, yomwe a YONECO a konkuno ku Zomba amayendetsa, chimodzimodzi. Mwana amene wachitidwa nkhanza amayimba nkukhala chete, kapena kumangolira, kapena kuyamba ndi nkhani ina kaye kuti aone ngati angakukhulupirire. Phungu amadziwa kudikira. Makina akamva zii amati sanamve ubwereze, kachitatu nkudula.

FUNSO: Ndikalankhula ndi makina amenewa mawu anga amapita kuti? Sangawatenge akuba nkundibera ndalama za mu foni?
Bambo wa ku Thondwe

YANKHO: Kawirikawiri amasungidwa, nchifukwa chake kumayambiriro amakuuzani kuti foni iyi itha kujambulidwa, kungoti ambirife pamenepo timakhala tisakumvera. Amawagwiritsa ntchito pofufuza madandaulo komanso pophunzitsira makina omwewo. Kuno kwathu kuli lamulo loteteza uthenga wa munthu, Data Protection Act la 2024, ndipo oyang'anira ndi a MACRA, ndiye kampani siyenera kungochita nawo mawu anu mmene yafunira.

Koma bambo, omwe akubera anthu ku Thondwe si makina, ndi anthu a magazi omwe amayimba mwaulemu kwambiri kuti mwawina, kapena kuti atumiza ndalama molakwitsa mubweze, kapena kuti ndi a ku ofesi akufuna akukonzereni akaunti. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money musatchule pakamwa kwa aliyense, munthu kaya makina, imeneyo ndi yodina nokha pa foni yanu. Wina akakuyimbirani ndi mawu ofanana ndi a mbale wanu kupempha ndalama mwachangu, dulani muyimbe nokha pa nambala yomwe mukuidziwa, poti masiku ano makompyuta amathanso kutengera mawu a munthu.

FUNSO: Malume ine ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto, tsiku lililonse anthu amandifunsa kuti kodi pulambala wabwino ndimupeza kuti, wokonza mafiriji ali kuti, ndani amagulitsa njerwa. Ndiye ndimaganiza bwanji patakhala nambala imodzi ya Zomba yoti munthu ayimbe, anene chomwe akufuna, makina amupatse nambala. Zingatheke kapena ndikulota?
Mnyamata wa pa siteji ya Matawale

YANKHO: Aise, sukulota, zomwe ukunenazo ndi zija anachita a Google mu 2007 zija, kungoti iwe wayambira pa siteji. Ndipo zako nzosavutirapo chifukwa mafunso ake ndi ochepa, ntchito mwina 30, kalipentala, pulambala, telala, makaniki, wowotcherera, wamagetsi, ndi madera mwina 20, Chinamwali, Matawale, Sadzi, Chikanda, St Mary's, Namadidi, choncho. Mawu 50 makina atha kuphunzira olo mu Chichewa, bola ujambule anthu ambiri osiyanasiyana akuwatchula pa foni zenizeni mu phokoso lenileni, ndipo ukumbukire kuti wina anena kalipentala, wina mmisiri wa matabwa, wina angoti wokhoma zitseko. Makinawo azibwereza zomwe amva, kuti mukufuna telala ku Sadzi eti, munthu avomere kaye asanapatsidwe nambala.

Chomwe chingakugwetse si kompyuta koma mndandanda. Pulambala wasintha simu, telala wasamukira ku Blantyre, makaniki uja anthu akudandaula kuti amadya za adivansi, ndani azikonza zimenezo sabata ndi sabata, komanso aliyense ayambe wavomera kuti nambala yake iziperekedwa kwa anthu osawadziwa. Ndiye usanasake wa makompyuta gula kope la K1,000 ndi cholembera, miyezi itatu uziyankha wekha pa foni yako, uzilemba zomwe anthu akufunsa ndi mawu enieni omwe akugwiritsa ntchito. Ukafika ku Mpondabwino unditengereko nambala ya wowotcherera, geti langa lakhala likulendewera kuyambira nthawi ya mvula.